Kodi Cobbe ameneyu anali yani?

Lero ndati tisiye kaye nkhani za choko ndi mayeso, tikambeko za asilikali.

Bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles, ija timangoti asilikali a ku Cobbe Barracks ku Zomba, ndi yakale kuposa boma la Malawi, ndipo ndi yakale kuposanso dzina loti Nyasaland. Dzina la Nyasaland linabwera mu 1907, koma gulu la asilikali oyenda pansi limene linabala bataliyoni imeneyi linakhazikitsidwa mu 1896, dziko lino likutchedwa British Central Africa. Yunivesite yathu, sukulu zathu zonse za sekondale, nyumba ya malamulo, zonsezi ndi ana kwa iyo. Mwina ndi mamishoni okha, monga Livingstonia, Blantyre, Likoma ndi Mvera, amene angaitchule kuti mng'ono wawo.

Komatu mukafunsa ana anga a Fomu 3 kuti Cobbe anali yani, mumva zodabwitsa. Wina anati ndi dzina la phiri. Wina anati inali mfumu ya Chiyao. Za Red Lions amazidziwa bwino, ngakhale amene anagoletsa chigoli sabata yatha, koma Cobbe ayi. Sindiwadzudzula. Mabuku amene timaphunzitsira amatitengera ku Sarajevo ndi ku Versailles, tikuloweza mayina a nduna za ku Ulaya, osatiuza kuti agogo athu anafera kuti pa nkhondo yomweyo.

Chiyambi chake si chokoma kuchimva. Harry Johnston atabwera mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi, analibe asilikali akeake, choncho anaitanitsa Amwenye a mtundu wa Sikh kuchokera ku India, nawonjezera Amakua ndi anthu a ku Zanzibar. Pambuyo pake anayamba kulemba anthu akonkuno, poyamba Atonga, kenako Ayao ambiri. Ntchito yawo inali kugonjetsa mafumu. Ena mwa mafumuwo, monga Makanjira, Jalasi ndi Mlozi wa ku Karonga, ankachitadi malonda a ukapolo, ndipo mabuku a atsamunda amakonda kuimira pamenepo. Koma mfuti zomwezo ndi zimene zinagwetsa Mwase Kasungu kumapeto a 1895, zinapha Inkosi Gomani mu 1896, ndipo mu 1898 zinaphwanya Angoni a Mpezeni. Chodabwitsa n'chakuti anyamata a mafumu ogonjetsedwawo ndi amene anadzakhala asilikali odalirika a boma. Azungu anafika pokhulupirira kuti Myao anabadwira nkhondo. Ine ndimaona kuti nkhani inali msonkho ndi thangata: malonda akale atatha, mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Machinga akanaipeza kuti ndalama?

Pofika 1899 panali mabataliyoni awiri. Yachiwiri anaitumiza ku chilumba cha Mauritius, kumene eni dziko sanailandire bwino mpaka kunabuka zipolowe, ndiye anaisamutsira ku Somaliland. Mu 1900 asilikali ochokera m'mabataliyoni onse awiri anakwera sitima za pamadzi kupita ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, kukamenyana ndi Aashanti amene ankatsogoleredwa ndi mayi wolimba mtima Yaa Asantewaa. Tangoganizani, abale anga. Munthu amene anali asanaonepo nyanja yamchere, wazungulira Africa kukawombera munthu wakuda mnzake amene akukaniza mpando wa makolo ake.

Pa 1 Januwale 1902 Angerezi anaphatikiza magulu awo a asilikali a kuno, Kenya, Uganda ndi Somaliland, n'kupanga King's African Rifles. Mwachidule ankati KAR, ndipo lilime lathu linapinda zilembo zitatuzo kukhala Keyala. Mabataliyoni athu ndi amene anapatsidwa nambala 1 ndi 2. Pa nkhani za usilikali nambala si chinthu chamasewera: woyamba ndiye mkulu pa perete.

Apa ndi pamene Cobbe akulowera. Alexander Cobbe anali msilikali wa Chingerezi amene anatumikira kuno, anapita nawo ku Ashanti kumene anavulala, ndipo mu 1902 anali ku Somaliland ndi asilikali a bataliyoni yoyamba, pa nkhondo yolimbana ndi Mohammed Abdullah Hassan. Pa 6 Okutobala chaka chimenecho, pamalo otchedwa Erego, asilikali ena atabwerera m'mbuyo, Cobbe anatsala yekha ndi mfuti ya chiwaya. Anaikoka, naigwiritsa ntchito, kenako anatuluka zipolopolo zikuvumba kukanyamula msilikali wovulala amene ankamutumikira. Pa chifukwa chimenechi analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kuposa zonse kwa Angerezi. Sindikuchepetsa zimene anachita. Kunali kulimba mtima ndithu. Koma chikalata cha menduloyo sichitchula dzina la munthu amene ananyamulidwayo. Ndipo patangopita miyezi isanu ndi umodzi, pa 17 Epulo 1903, gulu lalikulu la asilikali, ambiri a iwo a bataliyoni yachiwiri, linazingidwa ku Gumburu, zipolopolo zinawathera, ndipo anaphedwa pafupifupi onse. Amasiye awo anali m'midzi ya kuno. Mpaka Keyala inatha, palibe msilikali wakuda wa gululi amene analandira Victoria Cross.

Nkhani ina imene imandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi ndi ya 1911. Boma linaona kuti likuwononga ndalama, ndiye linathetsa bataliyoni yachiwiri. Amuna amene ankadziwa ntchito imodzi yokha, ya mfuti, anauzidwa kuti azipita kwawo. Ambiri anangowoloka Songwe n'kukalembedwa usilikali kwa Ajeremani, amene ankalipira bwino. Nkhondo itayamba mu 1914, anthu amene anaphunzira perete bwalo limodzi anapezeka akuwomberana. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani anaukira Karonga ndipo anabwezedwa, anthu ambiri atafa mbali zonse ziwiri. Manda a azungu amene anafa tsiku limenelo alipo ku Karonga mpaka lero.

Ndi magazi a ku Karonga amene anachititsa John Chilembwe kulemba kalata yake ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kumapeto a 1914, yodandaula kuti anthu osauka akufera nkhondo imene si yawo, ndipo ikatha sapindula kanthu. Iye anali atadandaulapo kale za Ashanti ndi Somaliland. Pa 23 Januwale 1915 anaukira boma, ndipo pakati pa amene anatumidwa kukathana naye panali asilikali a Keyala, anthu omwewo amene iye ankawalirira. Chaka chilichonse pa 15 Januwale timakumbukira Chilembwe, ndipo mu Novembala timakumbukira asilikali. Masiku awiriwa timawasunga ngati ndi nkhani ziwiri zosiyana, chonsecho ndi nkhani imodzi.

Nkhondo imeneyo makolo athu anaitcha ya Chiwaya, chifukwa cha kulira kwa mfuti ija yolavula zipolopolo ngati chimanga chokazinga. Melvin Page, amene anaphunzitsapo ku Chancellor College ndipo anacheza ndi nkhalamba zambiri zimene zinaona nkhondoyo, anatulutsa buku lotchedwa The Chiwaya War mu 2000. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga. Werenganinso nambala yachiwiriyo. Mdziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi mahema kuchokera kunyanja kukwera mapiri a ku Tanganyika, kenako kutsika ku Mozambique, kuthamangitsa mkulu wa asilikali a Chijeremani Paul von Lettow-Vorbeck, amene anadzatula zida ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia, pa 25 Novembala 1918. Ambiri sanafe ndi chipolopolo. Anafa ndi njala, kamwazi, chibayo, ndipo pomaliza chimfine choopsa cha 1918.

M'banja mwathu tili ndi mbali zonse ziwiri. Bambo awo a agogo anga aakazi anagwidwa usiku ndi amesenjala a boma kukasenza katundu, ndipo sanabwerenso. Palibe kalata, palibe manda, palibe chithunzi. Agogo ankangoti "anapita ku tengatenga," basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma akulu awo a agogo anga aamuna anali a Keyala pa nkhondo yachiwiri, ndipo iwowa ndinawaona ndi maso. Anali ndi bokosi lachitsulo pansi pa kama, mmene munali mamendulo okulungidwa m'kansalu ndi chikhoti chimene njenjete zinali zitachilawa. Ankasesa pabwalo pawo mizere yowongoka ngati ayeza ndi chingwe. Mwana ukabwera ndi uthenga unkayenera kuima chilili, kunena zimene wabwerera, osakanda m'mutu. Za Burma sankakamba kawirikawiri, koma akalawa kachasu pang'ono ankatchula mvula yosakata, misundu, ndi mnzawo wa ku Mulanje amene anamusiya m'nkhalango. M'mudzi ankawaopa ndi kuwaseka pamodzi. Penshoni imene ankaiyembekeza sinkafika pa mlingo umene anauzidwa, ndipo anamwalira akudandaulabe.

Pa nkhondo yachiwiriyo mabataliyoni a Nyasaland anachuluka. Mu Julayi 1940 kagulu ka bataliyoni yoyamba kanalimbana kwa masiku angapo ndi Ataliyana ochuluka kwambiri pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia. Ndiko kunachokera dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu, ngakhale ana anga ambiri amaliyesa liwu la Chitumbuka. Mu Ogasiti chaka chomwecho bataliyoni yachiwiri inamenya nkhondo pa Tug Argan ku Somaliland. Kenako Ethiopia, Madagascar mu 1942, ndi Burma mu 1944 ndi 1945 kulimbana ndi Ajapani. Nkhondoyo itatha anapitanso ku Malaya kuyambira 1952, kukasaka zigawenga za chikomyunizimu m'nkhalango.

Tsono mwambo wa bataliyoni n'chiyani? Anthu wamba timaona perete, bandi, nsapato zonyezimira, timaganiza kuti ndi zokongoletsa tsiku la chikondwerero. Mnzanga wina amene anapuma usilikali, tsopano amalondera pa sukulu ina, anandiuza kuti mwambo ndi umene umamuimitsa munthu pamene miyendo ikumuuza kuti thawa. Mnyamata amabwera wosadziwa kanthu, amamumeta, amamupatsa nambala, ndipo sajeni amamuuza kuti anthu amene anavala chizindikiro chimenechi iye asanabadwe sanathawe pa Moyale. Zoona kapena zowonjezera, mnyamatayo amazisenza. Ndiye chifukwa chake mbendera ya bataliyoni imalemekezedwa ngati munthu wamoyo. Mwa mwambo wa Angerezi magulu otchedwa Rifles sankakhala ndi mbendera zotere, koma a Keyala anapatsidwa zawo mu 1924, ndipo pa mbendera zotero amasokererapo mayina a malo amene gululo linamenyako nkhondo: Ashanti, Somaliland, Kilimanjaro, Narungombe, Nyangao, ndipo pambuyo pake Moyale, Gondar, Kalewa ndi ena. Asilikali a Nyasaland ankasiyananso ndi anzawo pa chisoti: a ku Kenya ndi Uganda ankavala zisoti zazitali zofiira, athu zakuda. Chilankhulo cha ntchito m'mabataliyoni athu chinali Chinyanja, pamene kwina kunali Chiswahili, moti mzungu wobwera kudzalamula ankayenera kuchiphunzira. Ife aphunzitsi timakonda kunena kuti Chichewa chinafala chifukwa cha mishoni ndi Kamuzu. Tisamaiwale sajeni.

Koma pali mwambo wina umene sunatsale m'kambi, unapita kumudzi. Mukaona beni ku Mangochi kapena ku Machinga, amuna atavala mayunifolomu ndi mamendulo achitini, mukuona Keyala. Liwu loti beni linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza bandi. Guleyu anayambira m'matauni a Aswahili m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo asilikali ndi amtengatenga obwerera kwawo ndi amene anamufalitsa. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndi mganda wa ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu, ndi ana a nyumba yomweyo: mizere yowongoka, zovala zoyera zosita bwino, masokosi ofika m'mawondo, ng'oma yaikulu, ndi malipenga a zipanda otsanzira malipenga amkuwa. Gulu la malipenga limatchedwa boma, ndipo limakhala ndi mfumu yake ndi maudindo ake ngati a asilikali. Akatswiri amatsutsana ngati makolo athu ankasirira azungu kapena ankawanyogodola. Ine ndikaona nkhalamba ikuguba monyada, ndodo m'khwapa, nkhope ili gwa koma maso akuseka, ndimati ankachita zonse ziwiri. Anatenga chinthu chimene chinawazunza nachisandutsa chosangalatsa pa ukwati ndi pa Khirisimasi. Ana a sukulu yathu amavina mganda pa mipikisano, koma nditawafunsa chifukwa chimene amaimira m'mizere ndi kuchita sailuti, palibe anayankha.

Ufulu utabwera, mbiri sinaduke. Pa nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953, mabataliyoni awiriwa anali pansi pa boma la ku Salisbury, ndipo mu 1959 asilikali a Keyala anagwiritsidwa ntchito pamodzi ndi a ku Rhodesia pothana ndi anthu a Congress. Chitaganya chitatha kumapeto a 1963, bataliyoni yachiwiri inapita ku Northern Rhodesia n'kukhala mbali ya asilikali a Zambia, ndipo yoyamba inasanduka bataliyoni yoyamba ya Malawi Rifles mu 1964. Anthu omwewo, kambi yomweyo, akuluakulu ambiri akadali azungu. Mmalawi woyamba kulamula gulu lonse la nkhondo, Graciano Matewere, amene anali msilikali wa Keyala, anapatsidwa udindowo mu 1972. Asilikali amenewa ndi amene anasaka anthu a Henry Chipembere mu 1965, ndipo ndi amene anapha Yatuta Chisiza cha ku Mwanza mu 1967. Mwini lamulo anasintha, kumvera kunali komweko.

Ndiye chifukwa chake Disembala 1993 ndi mwezi wofunika kwa ine. Ndinali mwana wa ku pulayimale, koma ndikukumbuka akuluakulu ataunjikana pa wailesi. Apayoniya atapha asilikali awiri ku Mzuzu, gulu la nkhondo, limene tsopano linali ndi mabataliyoni ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, linayamba kulanda zida za Malawi Young Pioneers pa 3 Disembala. Anaitcha Operation Bwezani. Apayoniya ambiri anathawira ku Mozambique, ndipo chisankho cha 17 Meyi 1994 chinachitika popanda mfuti za chipani. Chimene ndimachiona chachikulu si kuwombera kuja ayi, koma kuti atamaliza anabwerera ku kambi. M'maiko ambiri a mu Africa asilikali akatuluka motero amakagona ku nyumba ya boma. Idi Amin nayenso anali wa Keyala, wa bataliyoni yachinayi ya ku Uganda. Sukulu inali imodzi, ophunzira anatuluka osiyana. Kwathu kuno, kuyambira 1964 mpaka lero, asilikali sanalandepo boma. Kaya ndi mwambo wakale uja woti msilikali salowerera ndale, kaya ndi nzeru za anthu amene anali pa maudindo nthawi imeneyo, ndi chinthu choyenera kuchisamala ngati dzira.

Pali anthu amene amati dzina la Cobbe lichotsedwe, paikidwe la Mmalawi. Ndimawamvetsa. Koma ine ndimaopa kufufuta, chifukwa tikafufuta dzinalo tidzafufutanso funso. Bola likhalepo, mwana afunse kuti anali yani, ndipo timuuze zonse: Erego, Gumburu, Gomani, ndi munthu wopanda dzina uja amene ananyamulidwa. Chimene chimandiwawa si dzina limene lilipo koma mayina amene palibe. Pafupi ndi kambi ya Cobbe pali chipilala cha njerwa zofiira chokhala ndi wotchi, chimene chinamangidwa nkhondo ya Chiwaya itatha, ndipo pali mayina oposa 1,000 a asilikali a Keyala amene anafa. Ndinapitako ndi ana a kalabu ya mbiri yakale, ndipo anakhala nthawi yaitali akuwerenga, ena akupeza mayina ofanana ndi a kwawo. Koma bambo awo a agogo anga palibepo, chifukwa sananyamule mfuti, ananyamula ufa. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti Aafirika ndi Amwenye oposa 100,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba sanakumbukiridwe ndi mayina monga anachitira ndi azungu, ndipo boma la Britain linapepesa. Kupepesa kwafika patatha zaka zoposa 100, anthu amene akanatha kutchula mayinawo atapita kale.

Nkhaniyi si ya m'mabuku chabe kwa ine. Chaka chilichonse ana amene ndawaphunzitsa akalemba mayeso a Fomu 4 amadikira kuti asilikali alengeze zolemba anthu ntchito, ndipo amakathamanga pa bwalo la kwa DC ali chikhamu, kulimbirana malo ochepa. Chimawakoka ndi chomwe chija chinakoka anyamata a ku Mangochi mu 1899: ntchito kulibe. Ena amapambana, ndipo ndimadzawaona atabwera pa tchuthi, mapewa atatambasuka, akundipatsa moni wa "Sala" ataima njo. Kuchokera pamene asilikali athu anakalondera njanji ya ku Nacala kuyambira 1987, apita ku Rwanda, ku Ivory Coast, ndipo kuyambira 2013 ku Congo. Kusiyana kulipo, ndipo n'kwakukulu: amatumidwa ndi boma limene makolo awo anasankha, kukateteza anthu wamba. Koma maliro akabwera pa ndege, mayi wa kumudzi amafunsa funso lomwe lija la Chilembwe. Mu Januwale 2025 asilikali athu ena anaphedwa kum'mawa kwa Congo pa nkhondo ndi zigawenga za M23, ndipo mwezi wotsatira boma linalamula kuti amene anali pansi pa SADC akonzeke kubwerera.

Mu Novembala 2018, pafupi ndi tauni ya Beni ku Congo komweko (dzinali langofanana ndi la gule uja), asilikali a Malawi ndi Tanzania anagwa m'nkhondo yoopsa ndi zigawenga za ADF. Amalawi asanu ndi mmodzi anafa. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anaona msilikali wa ku Tanzania, Kopolo Ali Khamis Omary, atavulala ndipo sakutha kuyenda. Anabwerera zipolopolo zikuvumba, namukokera pobisika, ndipo akumupatsa chithandizo anawomberedwa. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete ku New York mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene ndi yapamwamba kuposa zonse kwa asilikali osungitsa mtendere. Zimene anachita n'zofanana ndi za Cobbe pa Erego, kungoti Cobbe anabwerako wamoyo nakhala mkulu wa asilikali mpaka kumwalira mu 1931. Ulendo uno mayina onse awiri analembedwa, la wonyamula ndi la wonyamulidwa.

Ana anga a Fomu 3 ndawapatsa ntchito ya pa tchuthi: aliyense akafunse kwawo ngati m'banja mwawo munali wa Keyala kapena wa tengatenga, alembe dzina, mudzi, mfumu, ndi kumene anapita ngati kukudziwika. Ndagula kope lachikuto cholimba loti tidzalembemo. Ngati inunso muli ndi dzina lotero kwanu, nditumizireni, tidzaliika momwemo.